Kalata ya amfumu si umwini wa malo

Malo ambiri amene akugulidwa kuno ku Mangochi, kaya ndi ku Mpondasi, ku Namiasi, ku Makawa kapena ku Monkey Bay, akugulidwa ndi pepala limodzi lokha. Kawirikawiri limakhala long'amba m'kope, lolembedwa pamanja: uje wagulitsa malo ake kwa uje pa mtengo wakuti. M'munsi mumakhala masaini a wogulitsa, wogula ndi mboni ziwiri, kenako chidindo cha amfumu. Wogula amalipinda bwinobwino, kulikutira m'pulasitiki, n'kuyamba kuumbitsa njerwa. Mumtima mwake nkhani yatha.

Ine ndikukana. Pepala limenelo ndi umboni woti ndalama inachoka m'manja mwa wina kupita kwa wina amfumu akuona, basi. Silinena ngati wogulitsayo anali ndi mphamvu zogulitsa. Silinena kuti malowo ndi a mtundu wanji pamaso pa lamulo, kapena ngati sanagulitsidwepo kale kwa munthu wina. Pa malire limangoti "kuyambira pa mtengo wa mango kukafika pa chulu", pamene mtengo umadulidwa ndipo chulu chimatha ndi oumba njerwa. Milandu ya malo imene yadanitsa mabanja m'boma lino, ukaitsata bwino, imabwerera pa mafunso amenewa, omwe sanafunsidwe tsiku lopereka ndalama.

Malamulo oyendetsera dziko lino amati nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act, ndipo mu 2022 inawakonzanso. Malo ali m'magulu atatu: a boma, a makolo amene amayang'aniridwa ndi mafumu, ndi amene ali m'dzina la munthu kapena kampani, monga a lizi. Malo ambiri a m'boma lathu ndi a makolo, ndipo pa malo oterewa mfumu ndi msungi, si mwini. Khoti Lalikulu lagamulapo kangapo kuti chimene munthu ali nacho pa malo a makolo ndi ufulu wokhalapo ndi kulimapo, ndipo sangagulitse umwini umene alibe. N'chifukwa chake munthu amene wapereka mamiliyoni podalira chidindo amadabwa tsiku la mlandu, akamva kuti pepala lake silikumuteteza mmene ankaganizira.

Lamulo la 2016 linatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo ake a makolo n'kulandira satifiketi. Njirayo imadutsa ku komiti ya za malo ya pa gulupu. Wapampando wake ndi gulupu, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera 3 mwa iwo amayi, ndipo pamakhala kalaliki wa za malo wa khonsolo. Cholinga chake n'chakuti nkhani ya malo isamathere m'nyumba, pakati pa anthu atatu ndi chidindo. Kukhazikitsa makomitiwa kwayenda pang'onopang'ono m'dziko muno. Choncho musanalipire kalikonse, pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo mukafunse ngati dera limene mukufunalo lili ndi komiti, ndiponso ngati lamulo likulola kuti malo a mtundu umenewo asinthe manja m'njira imene wogulitsayo akunena. Kusintha kwa 2022 kunakhwimitsa zambiri, makamaka pa kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za dziko lino. Amene mukuganiza zobwereketsa dzina lanu kwa mlendo kuti agule gombe, dziwani kuti mlandu ukadzabwera udzafikira pa dzina lanulo.

Koma funso lalikulu ku Mangochi simulipeza m'mabuku a maloya. Funsolo ndi lakuti: malowa ndi a yani m'banjamo? Ayao ndi Anyanja ambiri a kuno amatsata kuchikazi. Mwamuna amakakhala kwa mkazi pa chikamwini, ndipo munda umene akulima ndi wa mbumba ya mkaziyo, unachokera kwa amayi ake ndi agogo ake aakazi. Mkamwini akhoza kuulima zaka 20, kudzalamo mango, kumangamo nyumba ya malata, odutsa n'kumati ndi munda wa bambo uje. Komabe si wake. Ngakhale mwinimbumba, malume amene amayankhula pa maliro ndi pa ukwati, ndi woyang'anira chabe. Amene adzadye pa mundawo ndi azichemwali ake ndi ana awo.

Tsono taonani amene amabwera kudzatsatsa malo. Kawirikawiri ndi mwamuna. Ndi mkamwini amene katapila wamufika pakhosi, kapena malume amene akusaka ndalama ya pasipoti ndi ulendo wa ku Joni, kapena mnyamata amene akufuna injini ya boti. Amayi eni munda amamva nkhaniyo tsiku limene lole yatsitsa mchenga ndi miyala. Mlandu umabadwira pamenepo, ndipo ndi mlandu umene wogula amagonja mosavuta, chifukwa pabwalo la mfumu yaikulu mbiri ya munda amaifotokoza kuchokera kwa agogo aakazi, osati kwa amene anagwira khasu chaka chatha.

Ndiye musapereke ndalama musanakhale pansi ndi mbumba yonse, masana, anthu akuona. Musakhutire ndi mawu oti "achemwali avomera kale, angopita kudimba". Aitanidwe, akhale pamphasa, afunsidwe mmodzimmodzi pamaso pa nyakwawa ndi gulupu: "Amayi, mukudziwa kuti malowa akugulitsidwa? Mwalola? Alipo wa m'banja lino amene ali kutali, ku Blantyre kapena ku Joni, yemwe sanamve?" Mayina awo ndi manambala a zitupa zawo za unzika alembedwe pa mgwirizano, asaine kapena adinde chala. Oyandikana nawo malire mbali zonse aitanidwenso, muyende nawo m'malire monse, ndipo pamene mwagwirizana pazikidwe mabikoni a simenti tsiku lomwelo. Wogulitsa amene akukana zimenezi, amene akuti "bwana, tisachulutse anthu, abale angawa ndi ansanje", wakuuzani kale kuti malowo ali ndi eni ake ena.

Apa ndinene mosabisa. Wogula si nthawi zonse amakhala wongolakwiridwa. Munthu amene akuudziwa mwambo wa kuno, koma n'kusankha kukambirana ndi mwamuna yekha madzulo chifukwa mtengo utsika, akutenga nawo mbali polanda amayi ndi ana malo awo. Ndimamva chisoni ndi wogula amene ndalama zake zapita, koma chisoni changa chachikulu chili kwa mayi amene wadzuka m'mawa n'kupeza mpanda wa waya pa munda umene amadyetsera ana, ndalama yake sanaione n'komwe, ndipo ayambe kuyenda mabwalo kufuna chinthu chimene chinali chake kuyambira kale.

Nyumba ndi mapuloti a anthu omwalira nazonso zagwetsa ambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati munthu akamwalira osasiya wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake, ana ake ndi ena amene ankamudalira, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu womangidwa nawo. Amene angagulitse nyumba ya malemu ndi yekhayo amene ali ndi makalata omupatsa mphamvu zoyendetsa chumacho. Kukhala mwana woyamba si chilolezo. Kukhala mchimwene wa malemu si chilolezo. Kuno mabanja a mitala ndi ambiri, ndipo mukhoza kugwirizana ndi a kunyumba yaikulu, chaka chisanathe ana a kunyumba yaing'ono n'kutulukira ndi loya. Lamulo limawerenga ana onse mofanana, posaona nyumba imene anabadwira. Funsani kuti malemu anasiya akazi angati ndi ana angati, ndipo onani makalatawo ndi maso anu. Ngati kulibe, banjalo liyambe lapita kwa bwanamkubwa kapena ku ofesi ya Administrator General, ya boma yoyang'anira chuma cha masiye. Ndi mafunso ovuta kufunsa pakhonde la anthu amene analira maliro, koma amafunsika mwaulemu. Chimodzimodzi bambo wamoyo amene akugulitsa nyumba imene akukhalamo ndi mkazi wake: mayiwo avomere pamaso panu ndipo asaine.

Gulu lina limene nkhaniyi imalipweteka kwambiri ndi anyamata athu a ku Joni. Aliyense wa ku Mangochi akudziwa kuti nyumba zambiri zokongola za ku Namwera, ku Makanjira ndi m'tauni muno zamangidwa ndi ndalama za ku South Africa. Munthu amavutika ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, kumatumiza ndalama pa Mukuru kuti achimwene amugulire puloti. Amalandira zithunzi pa WhatsApp: malo ndi awa, maziko ndi awa, njerwa zafika apa. Koma pepala logulira lalembedwa m'dzina la achimwenewo, "poti mwini wake kulibe". Sindikunena kuti abale onse ndi akuba, ambiri ndi okhulupirika. Koma wokhulupirikayo akhoza kumwalira, ana ake n'kudzapeza m'sutikesi pepala la dzina la bambo awo. Adzalakwa pati akanena kuti puloti ndi yawo? Ndipo akamwalira ndi wa ku Joniyo, mkazi wake ndi ana adzayambira pati? Dzina la mwini ndalama ndi nambala ya chitupa kapena pasipoti yake ndi zimene zilembedwe pa mgwirizano, wotumidwayo alembedwe kuti ndi womuimirira chabe. Ngati malowo ndi a lizi, mwini asaine chikalata chopatsa wotumidwayo mphamvu, pamaso pa loya. Malisiti otumizira ndalama asungidwe onse. Wogulitsa alipidwe kudzera ku banki kapena pa foni kumene kumatsala umboni, osati ndalama za m'jumbo zowerengera pansi pa mtengo.

Kenako pali nyanja, imene ndi chuma cha boma lino komanso msampha wa ogula malo. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kupitirira mamita 476 poyeza kuchokera pa mulingo wa nyanja zazikulu, ndipo tonse tinaona malo ogona alendo, makoteji ndi nyumba za anthu zili m'madzi, m'mbali mwa nyanja ndi mwa mtsinje wa Shire. Ambiri analoza chala baraji ya Kamuzu ku Liwonde. Koma bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti malamulo a za madzi saloleza kumanga m'munsi mwa mzere wa mamita 477, ndipo nyanjayi inafikapo pamenepo kale, cha mu 1980. Madzi saiwala khwawa. Zaka zimene nyanja inaphwera, mchenga umene unaonekera unadulidwa mapuloti n'kugulitsidwa, chidindo chilipo, mboni zilipo. Amene anagula pamenepo anagula malo a nyanja, ndipo munthu amene wamanga pamene lamulo likuletsa zimamuvuta kupempha chipukuta misozi kwa aliyense. Ngati mukugula pafupi ndi madzi, saveya wovomerezeka ayeze kuti malowo ali pa mulingo wanji. Musanafike n'komwe kwa saveya, funsani asodzi achikulire a pagombepo kuti madzi anafika pati mu 1980 ndi mu 2024. Akulozerani mtengo wake weniweni.

Pagombe pali nkhani ina imene ogula ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaichepetsa. Doko limene asodzi amakochezapo mabwato, pamene pali mathandala oyanikapo usipa, pamene amayi amachapa ndi kutunga madzi, ndi la mudzi wonse. Manda ndi njira yopita kumanda n'chimodzimodzi. Banja limodzi silingagulitse malo amenewa, ngakhale amfumu atadinda. Wogula amamanga mpanda kukafika m'madzi, anthu n'kumazungulira mtunda wautali kuti akafike kunyanja imene anabadwira, kenako mpandawo ukagumulidwa amati anthu a kuno ndi ovuta. Pa mkangano woterewu ine ndili mbali ya mudzi. Wofuna kumanga malo ogona alendo asiye njira ndi doko, ndipo zimenezi zilembedwe pa mgwirizano ndi pa mapu.

Malo ena ndi a boma ngakhale anthu akulimapo. Ku Cape Maclear kuli paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Kuli nkhalango zotetezedwa monga Namizimu ndi Phirilongwe. M'mbali mwa misewu ikuluikulu, monga wochokera ku Liwonde ndi wopita ku Monkey Bay, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu ndi a msewuwo. Sitolo yomangidwa mmenemo imadikira penti yofiira pakhoma.

Ena amati iwo ndi otetezeka chifukwa akugula malo a lizi, okhala ndi mapepala a boma. Mapepala nawonso amapangidwa achinyengo, ndipo ngakhale enieni sakuuzani ngati malowo ndi chikole cha ngongole ku banki. Chimene chimanena zoona ndi kaundula wa za malo ku unduna. Kumeneko mumalipira kandalama kochepa, n'kukuonetsani dzina la mwini, zaka zimene zatsala pa lizi, ngongole imene yamangiriridwa pa malowo, ndi chenjezo limene wina anaikapo ngati pali mkangano. Dzina la m'kaundula lifanane ndi la pa chitupa cha munthu amene waima pamaso panu. Funsaninso ngati palibe ngongole ya lendi ya nthaka ku boma ndi msonkho wa khonsolo, chifukwa ngongole zimenezi zimatsatira malo. Saveya afananize mapu a pa chikalata ndi mabikoni a pansi, poti zimachitika munthu kuonetsedwa puloti ina, pepala likunena ina. Kalata yongolonjeza munthu puloti si chikalata cha umwini, imakhala ndi zoyenera kukwaniritsa, ndipo kusintha kwa 2022 kunaikanso ziletso pa kugulitsa malo a lizi amene sanatukulidwe.

Cholakwika chimene chafala kwambiri pa malo a lizi ndi kulekera panjira. Munthu walipira zonse, walandira chikalata cha wogulitsa, wachisunga m'sutikesi zaka zambiri osasintha dzina, poopa ndalama ya loya, chilolezo cha unduna, chikalata cha msonkho cha MRA ndi msonkho wa stamp duty. Zaka zonsezo, pamaso pa lamulo mwini malo ndi wogulitsa uja. Akhoza kukatengera ngongole, akhoza kugulitsanso, akamwalira malowo amawerengedwa pa chuma chake cha masiye. Lipirani m'magawo, gawo lomaliza lidikire chilolezo cha unduna ndi kusaina mapepala osinthira dzina, ndipo podikirapo loya wanu aike chenjezo m'kaundula kuti malowo asagulitsidwenso kwa wina. Ndati loya wanu, osati wa wogulitsa, ndipo mukhoza kufunsa ku bungwe la maloya la Malawi Law Society ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchito. Musanakumbe maziko, pulani ya nyumba ivomerezedwe ndi khonsolo.

Chimene chimalepheretsa zonsezi ndi changu, ndipo changucho amachibweretsa ndi madobadoba. "Bwana, pali wina akubwera mawa kuchokera ku Lilongwe ndi ndalama zonse, mukachedwa muwapeza atapita." Dobadoba amalandira yake tsiku la malonda. Tsiku la mlandu foni yake sikupezeka. Malo amene sangadikire milungu iwiri kuti muwafufuze, asiyeni apite.

Ndikudziwa zimene ena anene. Ati zonsezi n'za anthu andalama. Mayi wogulitsa nsomba amene wasonkha ku banki m'khonde kuti agule kapuloti ku Mpondasi alipira bwanji loya ndi saveya? Atinso maofesi a boma amene ndikuwatumizako ndi ochedwa, ndipo nkhani za mafayilo osowa ndi puloti imodzi kupatsidwa anthu awiri zamveka kangapo m'manyuzipepala. Amfumu ali pafupi, amadziwa banja lililonse, amayankhula chilankhulo chathu. Zonsezi n'zoona, ndipo sindikuzichepetsa. Koma taonani kuti zimene zimapulumutsa wogula malo a makolo n'zosalira ndalama zambiri: kuitana mbumba, kuyenda m'malire ndi oyandikana nawo, kulemba manambala a zitupa, kufunsa ku khonsolo, kufunsa asodzi. Mayi wa nsombayo ndi amene akufunika kwambiri kuchita zimenezi, chifukwa iye ndalama yake ikapita alibe ina. Wolemera akaluza puloti amagula ina. Ndipo amene akugula malo a mamiliyoni ambiri koma n'kumakana kulipira saveya sakupulumutsa kanthu.

Za mafumu, ndivomere kuti mawu awo ndi olemera, ndipo malo a makolo sagulidwa mowalambalala. Vuto ndi lakuti chidziwitso chawo chili m'mutu. Mfumu imamwalira, ufumu umalimbirana, wolowa m'malo amati iye za malonda amenewo sakuzidziwa. Nyakwawa ikhoza kudinda, gulupu osamva. Palinso chinthu chimene tiyenera kuchinena mwaulemu koma momveka: mfumu imene yalandira gawo pa malonda a malo siyenera kudzakhalanso woweruza mlandu wa malo omwewo. Kumene ndalama ya amfumu imakula malinga ndi mtengo wa malo, chiyeso chodinda kawiri pa puloti imodzi chimakhalapo, ngakhale kwa munthu wabwino. Mafumu athu aakulu, a Mponda, a Chimwala, a Nankumba, a Makanjira, a Jalasi ndi ena onse, akhoza kulamula lero kuti nyakwawa iliyonse ikhale ndi buku lachikuto cholimba lolembamo malo onse amene asintha manja, loti aliyense wofuna kugula aziliona, ndiponso kuti ndalama iliyonse yoperekedwa kwa mfumu izikhala ndi lisiti. Zimenezi zingateteze mafumu oona mtima, omwe ndi ambiri, ku mbiri yoipa ya ochepa.

Nanga mkangano ukabuka kale? Choyamba, imitsani kumanga. Ambiri amathamangira kukhoma malata poganiza kuti nyumba ikatha palibe angawachotse, koma khoti limayang'ana mwini malo, osati kukongola kwa nyumba, ndipo kupitiriza kumanga pali chiletso cha khoti ndi mlandu wina pawokha. Musatume anyamata a zikwanje, musazule mabikoni, musagwetse mpanda wa mnzanu usiku. Munthu amene anali ndi mlandu wabwino amapezeka ali m'chitolokosi chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Apolisi ntchito yawo ndi ya chinyengo ndi ziwawa. Ngati wina wakugulitsani malo omwe si ake, kapena wagulitsa kawiri, kadandauleni. Koma apolisi sagamula kuti malo ndi a yani, ndipo kumangitsa wogulitsa sikukupatsani malowo.

Pa malo a makolo, lamulo la 2016 linaika makwerero ake: bwalo la za malo la kwa mfumu yaikulu, kenako la pa boma, kenako bwalo la za malo la dziko lonse lotchedwa Central Land Board, ndipo Khoti Lalikulu lili pamwamba. Pa umwini wa malo a lizi, mlandu ndi wa Khoti Lalikulu, ndipo lapafupi ndi ife lili ku Zomba. Pabwalo lililonse pemphani kuti chigamulo chilembedwe, chifukwa apilo ya mawu apakamwa imavuta. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, imene boma linaikhazikitsa chifukwa cha anthu oterewa. Musagonere mlandu. Pa malo a m'dzina la munthu, lamulo limapereka zaka 12 zoti mudandaule wina akakulowererani, zikadutsa mukhoza kutaya ufulu wanu. Izi zikukhudza kwambiri amene anagula puloti n'kupita kunja osaiyenderanso.

Ndipo musanyoze kukambirana. Ngakhale ku Khoti Lalikulu milandu yambiri ya pakati pa anthu imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanazengedwe. Mlandu wa malo umatenga zaka, umadya ndalama za thiransipoti ndi za loya, ndipo wopambana nthawi zambiri amapambana pepala loti wogulitsa abweze ndalama zimene anadya kalekale. Ngati mbumba ili yokonzeka kukusiyirani gawo la malowo, kapena kukubwezerani pang'onopang'ono, lembani mgwirizanowo pamaso pa mfumu yaikulu ndi mboni, muulandire. Mudzakhala moyandikana ndi anthu amenewo, ana anu adzasewera ndi awo.

Udindo wonse usagwere wogula yekha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Mangochi lili ndi anthu oposa 1.1 miliyoni, ndipo chiwerengerocho chikukwera pamene minda ndi magombe zili zomwezo. Boma lifulumize kukhazikitsa makomiti ndi mabwalo a za malo m'dera la mfumu iliyonse, ndi kuwapatsa makalaliki. Malamulo amenewa afotokozedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao pa wailesi zimene anthu a kuno amamvera, monga Radio Maria ndi Dzimwe, komanso m'mizikiti ndi m'matchalitchi. Ndipo mzere wa mamita 477 usangokhala nambala ya m'maofesi. Khonsolo ndi a bungwe la za madzi azike mabikoni ooneka m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire, kuti nyakwawa, wogulitsa ndi wogula aziona ndi maso pamene malo a anthu athera. Imeneyi ndi ntchito ya saveya ndi matumba a simenti, ndipo makhansala ndi aphungu athu akhoza kuiyambitsa pa magombe a ku Makawa ndi ku Nkope nyanja isanakwerenso.